Ndinasema bawo ndi diso limodzi

Kalipentala aliyense amadziwa kutsinzina diso limodzi. Ukafuna kudziwa ngati thabwa ndi lowongoka, umalinyamula, kuliloza kutsogolo ngati mfuti, n'kutseka diso lina. Ine ndinaphunzira zimenezi kwa malemu amalume ndili ndi zaka 14, ndipo kwa zaka zoposa 20 ndinkakhulupirira kuti diso limodzi ndiye limanena zoona, linalo ndi la sipeya chabe, ngati tayala lomangirira kumbuyo kwa galimoto. Ntchito yake ndinadzaidziwa litazima.

Tsikulo ndinkazula misomali pa matabwa akale a denga amene munthu wina anabweretsa kuti ndimupangire benchi. Msomali umodzi unakanirira. Ndinaumenya cham'mbali ndi hamala kuti ugwedere, mutu wake n'kuthyoka, n'kudzandimenya diso lakumanja. Magalasi otchinga maso ndinali nawo. Anali pa msomali wina pakhoma, pomwe ankakhala masiku onse, odzaza fumbi la utuchi.

Anthu anasonkhana ngati mmene amachitira. Mayi wina wogulitsa mandasi pafupi ndi shedi yathu anati afinyiremo madzi a masamba ena amene amawadziwa. Wina anati mkaka wa m'mawere ndiye umachotsa chitsotso. Mkazi wanga atafika anangoti, "Bambo, m'disomo simulowa kanthu. Tiyeni kuchipatala." Anadula pansi pa kapu ya pulasitiki, kuphimba disolo osalikhudza, kumanga ndi kansalu, ife pa kabaza. Adokotala anadzayamikira zimenezo. Anati diso lovulala silitikitidwa, silithiridwa chilichonse, ndipo ngati mwalowa chinthu sitichizula tokha kunyumba. Maso ambiri amene amawalephera, anatero, ndi amene amafika patapita masiku atathiridwa kale zakumudzi.

Langa silinabooke, koma magazi anadzaza kutsogolo kwake. Anandipatsa mankhwala odonthezera, kundiuza kuti ndigone chotsamira, ndisanyamule zolemera. Magaziwo anatha, ndinayamba kuonako, ndinasangalala. Patangopita milungu ingapo chifunga chinayamba kubwera, tsiku ndi tsiku chikukhuthala, mpaka disolo linangotsala lozindikira kuti kwacha kapena kwada. Anati ndi ng'ala. Ine ndinkadziwa kuti ng'ala ndi ya agogo, koma anandifotokozera kuti kagalasi ka m'kati mwa diso kakamenyedwa mwamphamvu kamachita mtambo ngakhale kwa mnyamata. Opaleshoni inali yotheka, koma disolo linayenera kuyamba lazizira kaye, pamzere panali anthu ambiri, ndipo ndalama ya thiransipoti sinkapezeka nthawi imene inkafunika. Zonse pamodzi ndinakhala miyezi 7 ndi diso limodzi.

Choyamba kundichititsa manyazi chinali tiyi. Ndinanyamula ketulo, kapu ndikuiona bwinobwino patebulo, n'kuthira tiyi yense kutsogolo kwa kapu. Ana anaseka, kenako anachita mantha ataona nkhope yanga. Popereka moni, dzanja langa linkafika msanga kapena kuperewera, moti munthu ankagwira nsonga za zala. Podya, mbamu inkagunda m'mphepete mwa mbale ya ndiwo. Masitepe a ku tchalitchi, amene ndakwera kuyambira ubwana, anasanduka mizere yojambula pansi, makamaka potsika. Ngalande ya m'mbali mwa msewu madzulo sinkaoneka kuya kwake. Chodabwitsa n'chakuti diso lakumanzere linkaona chilichonse mwakuthwa: zilembo za pa foni, nyerere pansi, nambala ya minibasi patali. Palibe chimene chinasowa. Dziko linangophwa, ngati chithunzi cha pa kalendala.

Ku shedi ndinabwerera msanga chifukwa pakhomo sipadikira diso. Kucheka mzere wowongoka sikunavute, kupala thabwa sikunavute. Misomali ndiyo inandidya chala chachikulu mpaka chikhadabo kuda. Koma chimene chinandigwetsa mphwayi chinali bawo.

Mphunzitsi wina wopuma anandipatsa oda ya bawo la mlombwa. Bawo ndimalisema kuyambira kale ndipo anthu amandidziwa nalo. Lili ndi maenje 32, mizere inayi ya maenje 8, ndipo wosewera wodziwa amafuna kuti onse akhale akuya mofanana, pansi pake pozungulira bwino, kuti akatapa nkhomo zala zisakodwe. Ndinasema masiku anayi, kupala ndi sandipepa, kuliyang'ana, n'kuona kuti lili bwino. Mnyamata amene ndimamuphunzitsa ntchito analiyang'ana nthawi yaitali, akukanda m'mutu. Kenako anati, "Abwana, musandipsere mtima, koma maenje a uku ndi osaya, ndipo awiri awa apendekera mbali imodzi." Ndinamukalipira. Atachoka ndinalowetsa chala m'dzenje lililonse, limodzilimodzi. Mwanayo ankanena zoona. Ena anali ngati chipande, ena ngati mbale yophwatalala, ndipo m'diso langa onse ankafanana.

Usiku umenewo sindinagone. Zaka zonsezi ndinkati luso lili m'manja. Nanga manja omwewo, tchizulo chomwecho, mtengo womwewo, chalakwika n'chiyani?

Yankho ndinalipeza pa tsiku la sikelo ya maso, kwa mtsikana wina amene ankaphunzira ntchito yoyeza maso ndipo anali ndi nthawi yocheza pamene tinkadikira adokotala. Nditamudandaulira za bawo, anandifunsa ngati ndinayesapo, diso lisanavulale, kuimika chala patsogolo pa mphuno n'kumatsinzina maso mosinthanasinthana. Ndani sanachitepo ali mwana? Chala chimadumpha, uku ndi uku. Iye anati kudumphako ndiye nkhani yonse. Maso a munthu wamkulu ndi otalikirana masentimita 6 kapena kuposerapo pang'ono, choncho lililonse limaona chinthu kuchokera pa malo akeake. Zithunzi ziwirizo sizifanana ndendende. Chinthu chapafupi chimasuntha kwambiri pakati pa zithunzizo, chakutali chimasuntha pang'ono. Ubongo, kumbuyo kwa mutu kumene mitsempha ya maso onse awiri imakakumana, umayerekeza zithunzizo n'kusandutsa kusiyanako kukhala kuya. Sitiona zithunzi ziwiri, timaona chimodzi chokhala ndi mimba ndi msana.

Ndinamufunsa kuti nanga dzenje la bawo, lomwe n'lakuya ngati kachigawo ka chala basi, likukhudzidwa bwanji. Apa ndi pamene anandigwira mtima. Anati ubongo suyeza mtunda wa chinthu chonse kamodzi ayi. Umayeza kadontho kalikonse ka pamwamba pa chinthucho, kuyerekeza ndi kadontho koyandikana nako. Pa mtengo timadonthoto ndi mizere ya mtengowo, timabowo take, tizipsera ta tchizulo. Kusiyana kwa zithunzi kukamasintha mofanana kuchokera mbali ina kukafika ina, ubongo umati apa ndi pathyathyathya koma popendekeka, ngati thabwa lotsamira khoma. Kukamasonyeza kuti timadontho ta pakati tili patali kuposa ta m'mphepete, ndipo kusinthako kukupindika pang'onopang'ono, umati ili ndi dzenje lozungulira pansi. Ta pakati tikakhala pafupi, umati ndi chotupa. Ndiye kuti nthawi yonse imene ndinkasema, maso anga awiri ankayeza dzenje lililonse malo mazanamazana pa kuphethira kumodzi, n'kumauza dzanja kuti apa chotsako, apa siya. Ine n'kumadzitama kuti ndi manja.

Izi zinandikumbutsa chinthu chimene ndinkachidziwa koma osachimvetsa. Chitseko chopaka penti yoyera chimavuta kuona ngati chili ndi mafunde, pamene thabwa losapaka limadziulula lokha. Penti imafufuta timadontho tija, ubongo n'kusowa zoyerekeza. N'chifukwa chake amisiri ena amathamangira kupaka penti ntchito yokhota, koma imeneyo ndi nkhani ina.

Mwana wa mlongo wanga, amene ali ku sekondale ndipo foni sichoka m'manja mwake, ndi amene anandiwerengera zambiri madzulo ena. Munthu woyamba kusonyeza poyera kuti kusiyana kwa zithunzi ziwiri kumabala kuya anali Charles Wheatstone wa ku England, mu 1838. Anajambula zithunzi ziwiri zosiyana pang'ono, n'kuika magalasi oonera nkhope awiri mopendekeka kuti diso lililonse lione chithunzi chake chokha, ndipo mizere ya papepala inadzuka n'kuoneka ngati chinthu chogwirika. Makanema a 3D amene anthu amaonera atavala magalasi amayendera nzeru yomweyo. Kenako mu 1960 Béla Julesz, wochokera ku Hungary amene ankagwira ntchito ku malo ofufuzira za sayansi a Bell Labs ku America, anapanga ndi kompyuta zithunzi ziwiri za timadontho takuda ndi toyera tomwazikana ngati mapira otayika. Ukayang'ana chimodzi, palibe chooneka. Koma m'chithunzi chachiwiri anasuntha pang'ono kagulu ka timadontho ta pakati, ndipo ukapatsa diso lililonse chake, pakatipo pamatuluka kabokosi koyandama. Palibe mthunzi, palibe mzere, palibe chimene ukuchidziwa kale, koma kuya kulipo. Mwanayo anandionetsa zithunzi za mtunduwo pa foni. Iye ankafuula kuti "Amalume, chatuluka!" Ine ndinkangoona mapira.

Anandiwerengeranso za chiswamphika, kuti nachonso chimagwiritsa ntchito maso awiri poyeza pamene pali chakudya chisanatambasule manja ake aja, ndipo ofufuza a ku Newcastle University anafika pochiveka timagalasi ta 3D kuti atsimikize. Ndinaseka mpaka diso kuwawa. Koma chimene chinandithandiza pa ntchito ndi chiwala. Chiwala chisanadumphe chimagwedeza mutu ndi thupi uku ndi uku. Chimatero pofuna kuyeza mtunda, chifukwa mutu ukasuntha, zapafupi zimathamanga kudutsa m'diso pamene zakutali zimatsalira, monga mmene mitengo ya m'mbali mwa msewu imathamangira uli m'basi pamene phiri likuyenda nawe. Munthu wa diso limodzi angathe kubwereka nzeru imeneyi. Zithunzi ziwiri zimene anzako amazipeza nthawi imodzi, iwe umazipeza motsatizana.

Ndinayamba kugwedeza mutu posema. Anzanga pa shedi ankati ndayamba kuvina beni ndekha. Zinathandiza, ngakhale sizinafike pa maso awiri.

Chachiwiri chondithandiza chinali kuwala, ndipo apa mpofunika kusamala chifukwa mthunzi umathandiza komanso umanama. Jambulani bawo ndi foni dzuwa likuchokera mbali imodzi, kenako tembenuzani chithunzicho chadodolido. Nthawi zambiri maenje aja amasanduka timilu ngati mbatata zokwiriridwa. Ubongo unazolowera kuti kuwala kumachokera kumwamba, ndiye ukaona mthunzi m'munsi umati chotupa, ukauona m'mwamba umati dzenje. Maso awiri amatsutsa bodza limeneli ukayang'ana bawo lenilenilo, koma diso limodzi limatha kugwa nalo. Bawo loyamba lija ndinalisemera pakati pa shedi masana, kuwala kukuchokera ponseponse, popanda mthunzi wondiuza kanthu. Nditazindikira, ndinasamutsira benchi pakhomo, n'kumasema m'mamawa ndi chakumadzulo dzuwa lili chopendeka, kuwala kukukwawa pamwamba pa mtengo kuchokera kumanzere nthawi zonse. Kuwala kokwawa kumaulula kabampu kalikonse. Usiku ndinkagoneka tochi pambali pa thabwa n'kuona mithunzi ya maenje ngati ikufanana kutalika.

Chachitatu, ndinasiya kukhulupirira diso pa zimene chida chingayeze. Ndinatenga kathabwa kowongoka, kukhomera msomali pakati kuti utulukire kunsi mulingo wa dzenje, n'kumakagoneka pamwamba pa dzenje lililonse. Msomali ukakhudza pansi kathabwako katakhala bwino, dzenje lakwana. Ndinadulanso kachidutswa ka chitini mozungulira ngati theka la mwezi kuti ndiziyezera mimba ya dzenje mbali zonse. Zida ziwirizi amalume akanaziseka, koma bawo la aphunzitsi lachiwiri linatuluka bwino kuposa ambiri amene ndinasema ndi maso awiri. Loyambalo ndinalisiya kunyumba, ana amaseweretsa.

Zina ndi zing'onozing'ono koma zimasunga ulemu wa munthu. Pothira tiyi, gunditsani mlomo wa ketulo pa kapu musanapendeke. Poika kapu patebulo, tsogozani chala chaching'ono chikhudze kaye. Pokhoma msomali, yambani ndi timikwapulo tating'ono, ndipo ugwireni ndi pulayala m'malo mwa zala. Potsika masitepe, gwirani chogwirira ndipo lolani chidendene chifufuze m'mphepete. Powoloka msewu tembenuzani mutu wonse, chifukwa mbali ya diso lozimalo njinga yamoto imangotulukira ngati yagwa kumwamba. Ine kawiri konse kabaza anandipala phewa. Njinga yanga ndinaiimika miyezi iwiri yoyamba, ndipo nditayambiranso sindinkapalasa kukada. Poyenda ndi mkazi wanga ndinkamuika kumanja, mbali yakhunguyo, kuti azinditchinga. Za kutali sizinkavuta kwenikweni, chifukwa patali zithunzi za maso awiri zimakhala pafupifupi zofanana, ndipo tonsefe timadalira kukula kwa zinthu ndi chimene chatchinga chinzake. Mavuto ali pamene dzanja limafika ndi pamene phazi likupondapo.

Ndipo diso lotsalalo lisungeni ngati dzira. Kuyambira tsiku limene ndinabwerera ku shedi, magalasi aja sanakhalenso pakhoma.

Pa mzere wa kuchipatala ndinkakumana ndi amayi obereka ana a maso osayang'ana kumodzi, lina kuno lina uko. Kwathu timangoti ndi chibadwa, mwina akakula zidzatha, ena mpaka kumupatsa mwana dzina lomunyoza. Mtsikana woyeza maso uja anandiuza kuti vuto la ana amenewa ndi losiyana ndi langa. Ine ubongo wanga unaphunzira kale kuphatikiza zithunzi ziwiri ndili khanda, unkangodikira kuti diso libwerere. Koma mwana amene diso lake lapatuka, kapena limene lili ndi ng'ala yobadwa nayo, kapena limene limaona mwachimbuuzi kuposa linzake, ubongo wake umayamba kulinyalanyaza disolo, ndipo luso lophatikizalo silikula. Asayansi David Hubel ndi Torsten Wiesel anasonyeza zimenezi pa ana amphaka m'zaka za m'ma 1960: diso limene linatsekedwa m'miyezi yoyamba ya moyo linkatsala lofooka ngakhale atalitsegula, pamene mphaka wamkulu sankawonongeka motero. Analandira mphoto ya Nobel mu 1981. Kwa ana a anthu, chithandizo chimagwira bwino mwana akadali wamng'ono, asanapitirire zaka 7 kapena 8, ndipo kufulumira ndiye kwabwino koposa. Nthawi zina ndi magalasi chabe, nthawi zina kuphimba diso lamphamvu maola angapo pa tsiku kuti laulesilo ligwire ntchito, nthawi zina opaleshoni. Nditamva izi ndinapita kwa mlamu wanga, amene mwana wake wa zaka zitatu diso limodzi limathawira kumphuno akatopa. Anayamba wakana, amvekere, "Alamu, kwathu tonse tinali choncho." Ndinamuuza za tiyi ndi masitepe, n'kumufunsa ngati akufuna mwanayo akhale moyo wonse m'dziko la pa kalendala osadziwa n'komwe kuti pali lina. Anapita naye. Pano amavala timagalasi tomangira kumbuyo ndi lamba.

Opaleshoni yanga sinatenge nthawi. Anabaya jekeseni yochititsa dzanzi pambali pa diso, kuchotsa kagalasi kamtambo kaja, kuikamo ka pulasitiki. Mawa lake atamasula bandeji, kuwala kunandilasa, zinthu zikuoneka ziwiriziwiri, ndipo ndinachita mantha kuti ndangowonjezera mavuto. Adokotala anati, "Bambo, musafulumire. Maso awa akhala osalankhulana miyezi 7, apatseni nthawi." Masiku oyambawo ndinkatsinzinabe diso lodwalalo kuti ndiyende bwino. Pang'onopang'ono zithunzi zija zinayamba kuyandikana.

Kagalasi ka pulasitiki sikasintha kuti kaone pafupi ngati kachibadwa, choncho anandilembera magalasi ogwirira ntchito. Tsiku lokawayesa, anandiveka magalasi ena akuda pamwamba pake n'kunditsegulira kabuku kokhala ndi chithunzi cha ntchentche yaikulu. Kabuku komweko anandionetsapo ndisanachitidwe opaleshoni, ndipo atandiuza kuti ndigwire phiko la ntchentcheyo ndinangotsina pepala. Ulendo uno mapikowo anali m'mwamba, atadzuka pamwamba pa tsamba, ndipo zala zanga zinakatsina mphepo. Ndinabweza dzanja ngati ndagwira moto. Namwino anaseka, anati akuluakulu ambiri amatero.

Sikuti zonse zinabwerera mwakale. Tizithunzi tosaoneka bwino ta kumapeto kwa kabukuko sindinatithe tonse, ndipo dzuwa likawala kwambiri diso lakumanja limachita misozi. Koma pobwerera kunyumba tsikulo ndinaima pansi pa mtengo wa mango wa pa siteji nthawi yaitali. Nthambi iliyonse inali ndi malo ake, ina kutsogolo, ina kumbuyo, pakati pake pali mpata woti mbalame n'kudutsa. Kondakitala anachita kundikoka malaya.

Nditafika ndinatulutsa bawo loyamba lija pansi pa bedi, n'kuliika pakhonde. Sindinafunike chala kapena msomali. Dzenje lachitatu mu mzere wakutsogolo linali losaya moonekeratu, awiri a kumapeto atapendekera kumanja, ndendende mmene mnyamata uja ananenera. Mawa lake ndinamuitana, kumupatsa tchizulo ndi kathabwa ka msomali kaja, n'kumuuza kuti akonze maenje onse atatu. Asanayambe anapita kukhoma, kutenga magalasi achiwiri amene ndinamugulira, kuwapukuta ndi malaya, n'kuvala.